Buleki yokana kumasuka: mbiri ya umakaniko kwa Mlonyeni

Pa chipata cha Mwami, pamene msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe umathera n'kulumikizana ndi Great East Road ya ku Zambia, mathiraki amene agona pa mzere sanyamuka msanga m'mawa. Dalaivala akaliza injini amakhala phee, maso ali pa geji. Akudikira kuti mpweya udzaze m'matanki, pakuti popanda mpweyawo matayala akumbuyo satembenuka ngakhale aponde mafuta mpaka pansi. Buleki yoimikira ya thiraki yotere imagwira yokha ndi mphamvu ya sipulingi, ndipo ntchito ya mpweya n'kuimasula.

Kwa amakaniko amene anakulira pa Bedford ndi Land Rover, zimenezi zinali zozondoka. Iwo ankadziwa buleki imene munthu amachita kukoka kuti igwire, yomwe ikawonongeka galimoto imatsetsereka n'kukagwera m'ngalande. Makina ambiri a masiku ano, kuyambira thiraki mpaka ka Bobcat kamene kontilakitala amabwera nako kudzatapa mchenga, buleki ikavuta amangouma pomwe aimapo. Ntchito ya makaniko m'dera la Inkosi Mlonyeni yasintha m'njira zambiri, koma kusintha kumeneku ndi kumene kwasokoneza kwambiri anthu a sipanala.

Derali ndi la Angoni a kwa Jere, a banja la Mpezeni, amene makolo awo anawoloka Zambezi ndi Zwangendaba mu 1835. Mu January 1898 asilikali a Angerezi ochokera ku Nyasaland anathira nkhondo Mpezeni, n'kulanda ng'ombe zikwizikwi, ndipo mwana wake Nsingo anamugwira n'kumuwombera. Nkhondoyo itatha kunatsala maboma awiri oyang'anizana, Fort Jameson yomwe lero ndi Chipata, ndi Fort Manning yomwe lero ndi Mchinji. Dzina lachiwirili linachokera kwa William Manning, mmodzi mwa akuluakulu a asilikali aja, amene pambuyo pake anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland. Malire a atsamunda anadula mtundu umodzi pakati, n'chifukwa chake mpaka pano anthu a kwa Mlonyeni amawoloka chaka ndi chaka kukavina nawo Ncwala ku Mtenguleni, mwambo umene unatsitsimutsidwa mu 1980.

Pakati pa maboma awiriwa panadutsa njira, ndipo njirayo ndiyo inabweretsa makina. Poyamba katundu yense ankayenda pamutu pa amtengatenga, azungu ali m'machila. Misewu ankalambula ndi makasu ndi anthu olembedwa mokakamiza kapena ofuna ndalama ya msonkho. Alimi achizungu a fodya ku Fort Jameson anali kutali kwambiri ndi njanji ya dziko lawo, ndipo mlatho woyamba pa Luangwa unamangidwa mu 1932 mokha, choncho fodya wawo wambiri ankatulukira ku Nyasaland. Njanji itafika ku Salima mu 1935, malole odutsa ku Fort Manning kupita ku Lilongwe anali ndi poti akatule pafupi.

Malole a nthawi imeneyo anali ndi handibuleki ya waya kapena ya ndodo zachitsulo, yokoka nsapato za buleki m'kati mwa dilamu. Waya ankatamuka, nsapato zinkatha, fumbi la m'chilimwe ndi matope a dzinja zinkalowa paliponse. Palibe dalaivala wanzeru amene ankaikhulupirira yokha. Ankasiya galimoto m'giya, ndipo pa chitunda mnyamata wothandizira ankadumpha lole isanaime n'komwe, mwala kapena chipika chili m'manja, n'kukachiponya kuseri kwa tayala. Amakaniko ambiri akale anayambira pamenepo. Mnyamata wa chipika ndi amene ankagona pansi pa lole, kupatsira masipanala, kutsuka zitsulo m'palafini, mpaka tsiku lina amulola kumanga buleki yekha. Ngolo za ng'ombe zitafala pakati pa alimi a fodya ndi mtedza, zambiri zomangidwa pa ekiselo ya galimoto yakufa, zinatengera mwambo womwewo: buleki yake ndi khosi la ng'ombe, ndipo poima ndi mwala.

Luso lina linkabwera ndi amatchona. Amuna a ku Mchinji, monga anzawo a m'maboma ena, anapita ku Joni ndi Wenela, ena ku mafamu ndi migodi ya ku Rhodesia, ena ku migodi ya kopa ku Zambia. Ambiri anagwira fosholo basi, koma ena anakhudzako mainjini, mapampu ndi mathirakitala, n'kubwera kwawo ndi bokosi la zida. Njira ya ku Joni inatsekedwa mwadzidzidzi mu 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu. Nthawi yomweyo maesiteti a fodya anali kutsegulidwa mochuluka ku Mchinji ndi Kasungu, ndipo esiteti iliyonse yokhala ndi Massey Ferguson inkasowa munthu woidziwa. Mamishoni nawo, monga Kachebere yomwe seminale yake inatsegulidwa mu 1939, Guilleme ndi Ludzi, anali ndi magalimoto, zigayo ndi mainjini opopa madzi amene sakanadikira katswiri wochokera ku Blantyre.

Makina akuluakulu okumba ndi kusalaza misewu anali a boma. Bungwe la PVHO ndilo linkasunga magiledala, akatapila ndi malole a boma, kuwabwereketsa ku maunduna ndi kuwakonza m'magalaja ake. Munthu wodutsa ku PVHO ndi kukhoza mayeso a ntchito zamanja, kuyambira giledi 3 kukwera mpaka giledi 1, ankayenda chodzikweza pa boma, ndipo anali ndi chifukwa. Iye ankadziwa makina amene mbali zake zonse zinkaoneka ndi maso: ndodo ikukankha ndodo, giya ikuluma giya. Akamva kulira kwa injini ankadziwa chovuta asanatsegule boneti.

Njanji ndiyo inayamba kuonetsa nzeru yozondoka ija. Mzere wochokera ku Salima unafika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980, ndi thandizo la dziko la Canada. Mabuleki a sitima anakonzedwa kuti paipi ikaduka, mabogi aime okha m'malo mothawa, mfundo imene George Westinghouse anaikhazikitsa ku America mu 1872. Kenaka nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, ndipo katundu wambiri wa Malawi anayamba kuyenda pa msewu, wina kuzungulira ku Chipata ndi Lusaka. Mathiraki a mabuleki a mpweya anadzaza pa malire. Amakaniko a m'mbali mwa msewu anaphunzira, ena movutikira, kuti chigubu cha buleki chakumbuyo chili ndi sipulingi yamphamvu yotha kuphwanya nsagwada, ndipo sichitsegulidwa usanaimange ndi bawuti yake.

Kachidutswa ka njanji kolumikiza Mchinji ndi Chipata, ka makilomita osakwana 30, kanatenga zaka pafupifupi 30 kuti kathe. Anakatsegulira mu August 2010. Chipata chatsopano cha Mwami, chomwe maiko awiriwa amagwirira ntchito pamodzi, anachitsegulira Lazarus Chakwera ndi Hakainde Hichilema mu December 2022. Pofika nthawiyo makina ambiri omangira sanalinso a boma. Anali a makontilakitala, aakulu ndi ang'onoang'ono, ndipo ang'onoang'onowo amagula zogwiritsidwa kale ntchito kunja.

M'gulu la makina amenewa muli ka skid steer, kamene anthu ambiri amangokatchula kuti Bobcat ngakhale kakhale ka Case, New Holland, JCB kapena Caterpillar. Ku Mchinji sikuti ndi tambiri. Timaoneka pomanga nyumba zosungiramo mbewu, pokonza ngalande ndi makalavati, potapa kwale ndi mchenga, kenaka n'kukwezedwa pa lole kubwerera ku Lilongwe. Koma kakangofa pamalo a ntchito, woyamba kuitanidwa ndi makaniko wa pafupi, osati wa ku Kanengo.

Chiyambi chake n'choseketsa pang'ono. Mlimi wina wa nkhukundembo ku Minnesota, dzina lake Eddie Velo, anatopa ndi kuwola zitosi m'makola ake ndi manja, pomwe thirakitala inali yaikulu ndi yolemera kwambiri kuti ilowemo. Anapita kwa abale awiri osula zitsulo ku Rothsay, Cyril ndi Louis Keller, ndipo mu 1957 iwo anamupangira kamakina ka matayala atatu kotha kutembenuka pamalo amodzi. Kampani ya Melroe ya ku Gwinner, North Dakota, inakaona kamakinako mu 1958 n'kulemba ntchito abale awiriwo. Mu 1960 inatulutsa M-400, ya matayala anayi onse okoka, ndipo dzina loti Bobcat linayamba mu 1962. Kampaniyo inadutsa m'manja mwa Clark Equipment mu 1969, Ingersoll-Rand mu 1995, kenaka Doosan ya ku South Korea mu 2007. Kamakina ka Bobcat ka nambala 1 miliyoni kanatuluka mu 2014.

Kamakina aka kalibe chiwongolero chozungulira, ndipo matayala ake sakhota. Matayala a kumanzere ali ndi mota yawo, a kumanja nawonso yawo, zoyendetsedwa ndi oyilo wochokera ku pampu, ndipo mphamvu imafika ku matayala kudzera m'matcheni. Woyendetsa akakankha ndodo ya mbali imodzi kutsogolo n'kukoka inayo, kamazungulira pomwepo matayala akukhwekhwereza pansi. Buleki yoponda ngati ya galimoto mulibe: ndodo zikabwerera pakati, oyilo amaima ndipo nako kamaima. Buleki yokha imene ilimo ndi yoimikira, ndipo pali chifukwa chachikulu chimene inapangidwira kuti izigwira yokha.

Woyendetsa amalowa ndi kutulukira kutsogolo, kuponda pa chifosholo, pakati pa mikono iwiri yonyamulira katundu. Amakhala ndodo zili m'manja, zopondera zili kumapazi. Potsika injini ikulira, bondo kapena phazi likangogunda chowongolera, kamakina kamadumpha kapena mikono imatsika, munthu ali pomwepo. Anthu ambiri anafa motero ku America. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 opanga anayamba kuika chitsulo chimene woyendetsa amatsitsa pamimba akakhala pansi, ndipo pambuyo pake anawonjezera maswitchi ndi kabokosi ka kompyuta. Cholinga n'chakuti kamakina kasayende, mikono isasunthe, mpaka katatsimikiza kuti munthu wakhala pampando ndipo chitsulo chatsika. Bobcat inatcha dongosolo lake BICS m'zaka za m'ma 1990.

Motero mawu amene makaniko amamva pa foni nthawi zambiri sakhala akuti buleki yasiya kugwira. Amakhala akuti kakana kuyenda, injini ikulira bwinobwino koma matayala ali nji.

Makaniko wodziwa ntchitoyi akafika, sathamangira kumasula chilichonse. Amayamba waona kuti kamakinako ndi ka mtundu wanji, chifukwa mabuleki ake alipo a mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo kuwasokoneza n'kutaya tsiku lonse. Ma Bobcat ambiri akale, amene ndiwo amafika kuno, ali ndi kachitsulo kosongoka kamene kamagwera m'mano a zimbale zomangidwa ku shafiti za mota. Pamwamba pa bokosi la matcheni pali solenoid imene imakoka kachitsuloko m'mwamba magetsi akafika. Makina ena ambiri ali ndi timbale tambiri topanikizana m'kati mwa mota yoyendetsera, tofinyidwa ndi sipulingi, ndipo timamasuka pokhapokha oyilo wa mphamvu yokwanira atakankha pisitoni. Mtundu woyamba umadalira magetsi okhaokha. Wachiwiri umafuna magetsi otsegula valavu, kenaka oyilo.

Akatero amauza woyendetsa kuti akhale pampando, atsitse chitsulo, adine batani, iye ali chete khutu litatchera pansi pa kanyumba. Pa Bobcat yabwino pamamveka kuti kho, kamodzi, mwamphamvu. Kukapanda kumveka kanthu, magetsi sakufika kapena solenoid yapsa. Kukamveka kho kenaka n'kumvekanso kugwa, vuto lili pena. Solenoid imeneyi ili ndi makoyilo awiri ndi mawaya atatu: koyilo imodzi imakoka mwamphamvu kwa kamphindi chabe, inayo imangogwirizira chitsulo chikakwera. Yokoka ikapsa, chitsulo sichinyamuka. Yogwirizira ikapsa, chimakwera n'kugwanso. Amene sadziwa za makoyilo awiriwa amayeza waya mmodzi, kuona kuti magetsi akudutsa, n'kulengeza kuti solenoid ili bwino.

Komabe asanafike kumeneko pali tinthu tating'ono timene timanyozeka. Batire lodzaza bwino limaonetsa pafupifupi mavoti 12.6 injini itazima, ndipo ikamalira limakwera kufika cha pa 14. Batire lofooka limatha kuliza injini koma osakwanitsa kukoka chitsulo chija. Pali fyuzi, pali relay, pali waya wopita ku chitsulo cha thupi la makina amene amachita dzimbiri pa bawuti. Pali switchi ya pansi pa mpando, imene pa makina ena siimva munthu wopepuka kapena wokhala chopendekeka, ndi sensa ya chitsulo cha pamimba yomwe imasuntha malo bawuti ikakhwepa. M'dzinja, matope ofiira a ku Mchinji amadzaza pansi pa kanyumba n'kuumira pa zolumikizira mawaya. Kamakina kakagona masabata angapo pafupi ndi nkhokwe kapena mulu wa makoko a mtedza, makoswe amamanga chisa m'mawaya n'kudya mphira wake. Zonsezi amazipeza ndi kamita koyezera magetsi kamene mtengo wake sufika pa wa tayala limodzi, koma m'mabokosi ambiri a zida mulibe.

Nthawi zina palibe chawonongeka n'komwe. Kamakina kakaimikidwa potsetsereka chifosholo chili ndi katundu, kulemera konse kumakanikiza kachitsulo kaja m'mano mwake, solenoid n'kulephera kukazula. Woyendetsa wozolowera amangogwedeza ndodo pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo kamamasuka. Wosazolowera amadina batani mobwerezabwereza mpaka koyilo itatentha n'kupsa, vuto limene kunalibe n'kulipanga yekha.

Pa makina a timbale ndi oyilo, magetsi akapezeka kuti akufika pa valavu, funso lotsatira ndi la mphamvu ya oyilo. Pali kapampu kakang'ono kamene kamadyetsa mapampu akuluakulu, ndipo ndi komweko kamene kamamasula buleki. Oyilo akachepa m'thanki, sefa ikatsekeka, kapena pampu ikatha, mphamvu imatsika ndipo buleki imayamba kugwira pang'onopang'ono kamakina kakuyenda. Zizindikiro zake zimasocheretsa: m'mawa kamayenda bwino, dzuwa likakwera oyilo n'kutentha kamayamba kulemera, kukokera mbali imodzi, mota n'kumawotcha dzanja. Ambiri amaganiza kuti injini yafooka n'kuyamba kusokoneza pampu ya dizilo. Yankho limapezeka pomanga geji pa malo oyezera n'kuyerekeza ndi nambala yolembedwa m'buku la makinawo, pakuti mtundu uliwonse uli ndi yake. Labala ya pisitoni ya buleki ikang'ambika, oyilo amathawira m'kati, ndipo pa makina ena umboni wake ndi oyilo wochuluka modabwitsa m'bokosi la matcheni pomwe m'thanki akuchepa popanda dontho pansi.

Buleki yosagwira iliponso, ngakhale siichuluka. Imadza timbale tikatha, sipulingi ikathyoka, kapena mano a chimbale akaperepeseka chifukwa woyendetsa ali ndi chizolowezi choponya buleki kamakina kasanaime. Pa Bobcat chizolowezi chimenechi chimamveka patali, chitsulo chikumenya chinzake, ndipo zidutswa zake zimagwera m'matcheni.

Apa ndi pamene luso lakale limasanduka msampha. Makaniko wa kuno anakula ndi nzeru yopulumutsa ulendo: fyuzi ikapsa kukulunga waya, switchi ikafa kulumikiza dairekiti, chofunika galimoto ifike. Nzeru imeneyi yasunga magalimoto ambiri pa msewu m'zaka zimene sipeyala sizinkapezeka, ndipo siyoyenera kuinyoza. Koma pa skid steer, kulumphitsa waya wa switchi ya mpando, kapena kumanga kachitsulo ka buleki m'mwamba ndi waya kuti kasagwenso, n'kuchotsa chinthu chokhacho chimene chimaimitsa makina munthu akamatsika. Ntchito imapitiriradi tsikulo, kontilakitala amakondwa, makaniko amalandira yake. Wayayo satulukamonso. Patapita miyezi woyendetsa wina, amene sadziwa chimene chinachitika, amatsika injini ikulira pokhulupirira kuti kamakina kadzitseka kokha.

Si ku Malawi kokha kumene anthu amachita zimenezi. Mu 1998 bungwe la boma la America loona za chitetezo pa ntchito, NIOSH, linatulutsa chenjezo lapadera pa makina amenewa, ndipo zina mwa imfa zimene linafufuza zinachitika pa makina amene zotetezera zake zinali zitalumphitsidwa kapena kuchotsedwa. Ena anaphwanyidwa ndi mikono akukonza pansi pa chifosholo chokwezedwa. N'chifukwa chake kamakina kalikonse kamabwera ndi chitsulo chochirikizira mikono, ndiponso chotsekera kanyumba kakatukulidwa. Pa makina ogula kale, chitsulo chochirikizira nthawi zambiri chimakhala chitasowa, ndipo anthu amaikapo mtengo wa bulugamu. Makaniko wosamala amatsitsa chifosholo pansi, kuzimitsa injini, n'kuika mwala kapena chipika kuseri kwa matayala asanakhudze buleki, chifukwa akangoimasula palibenso china chogwira.

Vuto lina limabwera injini ikafa kamakina kali pakati pa njira. Injini yosalira ilibe oyilo womasulira buleki ya timbale, ndipo matayala amakhala otsekeka. Chimene anthu amathamangira n'kubwereka thirakitala ya pa esiteti, kumanga tcheni, n'kukoka. Matayala amakhwekhwereza, ndipo ngati pansi pagwira, chimene chimagonja ndi tcheni cha m'kati kapena mota, zinthu zodula kuposa chimene chinafetsa injini. Buku la makina aliwonse limafotokoza njira yake: ena ali ndi pobayira kapampu ka pamanja kokankha oyilo ku buleki, ena amafuna kuchotsa solenoid ndi kachitsulo kake, ndipo ngakhale zitatero sakokedwa mtunda wautali kapena mothamanga. Bukulo ndi limene silifika. Makina ogula kale amabwera opanda mapepala, ndipo achinyamata ena tsopano amalifunafuna pa intaneti n'kumatumizirana pa WhatsApp, masamba a mawaya akuwerengedwa pa kagalasi ka foni padzuwa.

Achinyamata amenewa akudutsa njira yosiyana ndi ya mnyamata wa chipika uja. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo sukulu zaluso monga ya Namitete, yomwe ili pa msewu womwewu wa ku Lilongwe, ndi Lilongwe Technical College ndizo zili pafupi ndi mwana wa ku Mchinji wofuna pepala. Komabe m'magalaja ambiri ntchito idakali yogawanika pachikale. Pali makaniko wa injini ndi zitsulo, palinso wa magetsi a galimoto, ndipo aliyense ali ndi ulemu wake. Buleki ya skid steer imagwera pakati pa awiriwa, n'kuwonjezerapo wachitatu wodziwa za oyilo ndi mapaipi, amene ku Mchinji ndi wosowa. Wa zitsulo amati ndi magetsi, wa magetsi amati ndi pampu, mwini makina akulipira onse awiri. Makina atsopano kwambiri amalemba nambala ya vuto pa kagalasi ka kutsogolo, zomwe zimathandiza, koma ena amafuna kompyuta ya kampani yogulitsa, ndipo kuitanitsa katswiri kuchokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 100, kumawerengedwa ndi mafuta ndi maola.

Vuto likapezeka, nkhondo ina imayamba. Fyuzi ndi relay zimapezeka pa boma kapena ku Kamwendo. Payipi ya oyilo amakaipanitsa ku Lilongwe. Ku Malangalanga ndi ku Biwi, ku Lilongwe komweko, munthu angapeze pafupifupi chilichonse cha Toyota, chatsopano kapena chochotsa pa galimoto yakufa, ndipo a kwa Mlonyeni ali ndi mwayi wina woti Chipata ili pafupi kuposa Lilongwe. Eni makina a Caterpillar ali ndi Barloworld Equipment, yomwe ili m'maiko onse awiri. Koma solenoid ya makoyilo awiri ya Bobcat ya zaka 20, kapena timbale ta buleki ta mota inayake, kawirikawiri zimachita kuitanitsidwa ku Johannesburg kapena kutali kuposa apo, ndipo zimafuna ndalama zakunja zimene m'zaka zaposachedwa zakhala zikusowa m'mabanki. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa kachitsulo kalikonse kochokera kunja unakwera nthawi yomweyo. Ena amayesa kukulungitsa koyilo yopsayo kwa okonza mamota a zigayo. Nthawi zina imagwira, nthawi zina imapsanso sabata isanathe, chifukwa kukula kwa waya ndi kuchuluka kwa mizere sizinafanane ndi zoyamba.

Podikira sipeyala, kamakina amakafunditsa tenti pambali pa malo a ntchito, mlonda akukayang'anira kuti batire ndi dizilo zisayende usiku. Kontilakitala amakhala ndi tsiku lomaliza limene anasainira, choncho kapitawo amatumiza uthenga kwa nyakwawa kuti pakufunika anthu a ganyu. M'mawa mwake amafika amuna ndi amayi ochokera m'midzi yozungulira, ndi mafosholo, makasu, mawilibala ndi ndowa, ndipo amalipidwa pa mulu uliwonse wa mchenga umene asamutsa.